Manambala osagawika ndi vidiyo ya chinkhoswe cha Maness

Aise, wasowatu! Khala apa ndikuuze zomwe zinamuonekera Kalisto wa ku Ligowe.

Mnyamatayu ankalimbirana malo pa maphunziro aulere a zamakompyuta ku Blantyre. Mayeso ake anali kulemba pulogalamu yopeza manambala osagawika, aja ngati 7 ndi 13 oti ukawagawa ndi nambala ina iliyonse, kupatula 1 ndi iwo eni, pamatsala kanthu, mpaka kufika mamiliyoni 100, n'kutumiza dzuwa lisanalowe. Laputopu analibe. Anabwereka foni ya mlongo wake Maness, yemwe anali atapita kumsika kukagulitsa manachesi.

Njira ankaidziwa: kundandalika manambala onse, n'kumachotsa ogawika ndi 2, kenako ndi 3, ndi 5, ndi 7, kumangopitiriza choncho, otsalawo ndi omwewo. Koma akangoyambitsa, foni inkatentha ngati mbaula, pulogalamu n'kufa. Foniyo ikuti malo achepa, eti.

Anafufuta nyimbo za kwaya. Inafa. Zithunzi. Inafa. Batire ikutsika, magetsi kulibe, thukuta lili kamukamu. Chachikulu chomwe chinatsala ndi vidiyo ya chinkhoswe cha Maness, yomwe kunalibenso kwina kulikonse. Anayang'ana kumwamba, kupempheratu chikhululukiro, n'kudina pofufutira.

Inafabe.

Anaimbira Chrissy, mnzake wa kusekondale amene anayamba kale maphunzirowo. Chrissy anayamba waseka kaye. Anati mosungira zithunzi ndi nkhokwe, pamene pulogalamu imagwirira ntchito ndi palichero, ndipo kukhuthula nkhokwe sikukulitsa lichero.

"Iwe, osamatapa onse nthawi imodzi. Sunga osagawika ang'onoang'ono okha, osafika 10,000. Tapa kagawo, peta pogwiritsa ntchito amenewo, lemba otsala, taya, tapanso kena."

Kalisto anakonza pulogalamuyo. Foni inayamba kuyenda ngati lole ya mbatatesi pachitunda, kubuula koma osazima. Itamaliza, anathamangira pachulu kukasaka netiweki, batire itafiira psuu. Kamzere koonetsa kutumiza kanakwawa, kanaima, kanakwawanso. Yapita.

Akutsika pachulupo, anaona Maness akulowa pabwalo ndi apongozi ake ochokera ku Matope, aja anadwala tsiku la chinkhoswe osabwera. Maness anawayalira mphasa msangamsanga.

"Achimwene, bweretsani foniyo amayi aone mmene ndinavinira."

Ndiye aise, ukanakhala Kalisto, ukanayamba ndi mawu oti chiyani? Tandiuza mmene iwe ukanaipulumukira. Koma zoti foni yalowa kachilombo usayese, Maness bodza limenelo analimvapo kale.