Tsitsi la Lameki

Namaseko analota masanasana, atatsamira thumba la makala, kuti chitseko cha bafa lake chikutsegukira m'nyumba yoonetsera kanema. Analowa ndi chidebe chake m'manja. Pamabenchi panali anthu onse amene anabwera pamaliro a mwana wake Yotamu, mitu ili mpala, akudya nzimbe osalankhulana.

Filimuyo inali yaifupi, ndipo ikatha inkayambiranso. Yotamu aimika njinga yake ya kabaza pasiteji. Gibisoni, wakabaza mnzake, amubaya ndi mpeni polimbirana kasitomala. Kenako Lameki, mng'ono wa Yotamu, anola chikwanje pamwala wochapira n'kupita kukamudikira Gibisoni pamlatho. Chikwanje chikangokwera m'mwamba, chithunzi chinkazima, anthu n'kusenda nzimbe ina.

Namaseko anaonera kangapo. Mumtima munalibe chilichonse. Anangoona kuti shati imene Lameki wavala ndi yomwe anamuchapira dzulo, koma yada kale.

Tsiku lometa maliro, Lameki yekha anakana. Anati lumo silikhudza mutu wake Gibisoni akadapuma. Ndiye filimu ikayambiranso, tsitsi lakelo linkatalika, mpaka linatuluka pansi pa kanema, n'kumakwawa pafumbi, n'kumakulunga miyendo ya mabenchi. Anthu ankangokweza mapazi kuti lidutse.

Yotamu anali atakhala pambali pa Namaseko, atavala suti imene anamuika nayo. Anapereka moni mwaulemu ngati mlendo, nafunsa ngati amayi abwera ndi lezala. Namaseko anamuuza kuti iye wabwera kudzasamba, ndipo munthu akamwalira azisiya kutuma anthu. Yotamu anafotokoza kuti kumene anapitako salola kulowa munthu amene kwawo akumulirabe. Chifikire wangoima panja, atagwirizira njinga.

"Maliro anga sanathe, amayi. Watsala mutu umodzi. Mukaumete asanafike pamlatho, chifukwa ulendo uno chithunzi sichizima."

Namaseko anayang'ana m'chidebe. Lezala linali momwemo, likuyandama.

Anatola nsonga ya tsitsi, nayamba kulikulunga pamkono ngati chingwe choyanikira zovala, akulilondola. Atafika pakanema anakweza chitenje pang'ono n'kulowa. Mkatimo munali mofunda ndipo munkanunkha girisi wa tcheni.

Anamupeza Lameki pamwala wochapira. Mnyamatayo sanatembenuke. Anati achimwene ndi amene anamuphunzitsa kupalasa, ndi amene ankamenyedwa m'malo mwake, ndiye iye angayende bwanji ndi mpala m'tauni wowapha akukweza anthu panjinga.

"Mmodzi ndaika m'nthaka," anatero Namaseko. "Wina kumamuyendera kundende ndi phukusi la chakudya, miyendo yake ndilibe. Khala pansi."

Lameki anakhala, koma manja sanasiye kunola. Namaseko anamunyowetsa mutu, naupanikiza pabondo monga ankachitira ali mwana. Atangometa mzere woyamba, mlatho uja unanyamuka wokha n'kuyamba kubwera, Gibisoni ali pamwamba pake akupopa tayala, osadziwa kanthu. Namaseko anafulumiza. Lezala linali lobuntha. Mlatho unadutsa chigayo, unadutsa mjigo, n'kudzaima pampanda. Mutu unali utametedwa mbali imodzi yokha pamene Lameki anaimirira.

Namaseko anadzidzimuka. Dzuwa linali lisanapendeke, ndipo kuseri kwa nyumba chitsulo chinkalirabe pamwala, chee, chee, chee.

Anasasa fumbi la makala pachitenje, natenga lezala latsopano pawindo. Nsapato sanazifune.