Voti Imodzi ya a Benson

Harriet anali asanatule n'komwe mtolo wa nkhuni pamene alamu ake, a Alice, analowa pakhomo akukankha njinga, fumbi mpaka m'maondo. Moni sanapereke. Anati achokera kusukulu, kumene adziwerengera okha pepala la zotsatira lomata pachitseko. Mlongo wawo Benson, amene anaima pa ukhansala wa wadi yawo ku Mnkhanya, anali atapeza voti imodzi pamalo amenewo.

"Imodzi, mlamu. Olembetsa pasukulupo m'nyumba muno muli awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Zoti a Benson agwa, mudzi wonse unkadziwa kale. Mpando anatenga ndi mayi Juliet, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo sukuluyo ili kwawo kwenikweni, moti kuchepa kwa mavoti sikunali kodabwitsa. Abale a Benson anavotera kutsidya kwa mtsinje. Koma imodzi? Pofika mawa lake, amayi kumjigo ankangoti zii Harriet akafika, ndipo a Alice anali atayamba kale kunena zoitana ankhoswe, eti mkazi wogulitsa mwamuna wake m'kachipinda kovotera angathenso kumuthirira mankhwala m'ndiwo. Ukwati wa zaka khumi ndi zinayi unayamba kugwedezeka chifukwa cha kapepala. A Benson, eni nkhani, ankangolawirira kumunda.

Kupsa mtima Harriet anapsa ndithu, koma chidwi chinamukulira. Iye ankadziwa pamene anachonga: pambali pa nkhope ya mwamuna wake, ija anajambulitsa atavala jekete yobwereka. Ndiye ngati imodziyo inali yake, ya eni ake inalowera kuti?

Anapita kwa Onesmus wokonza njinga, amene anaimirira a Benson powerenga mavoti. Onesmus analumbira kuti m'bokosi la makhansala munalibe pepala lowonongeka ngakhale limodzi, anaona ndi maso ake. Harriet anabwerako akuganiza kuti kapena bambowo sanavote n'komwe, anangozungulira kuseri kwa sukulu. Anawalondola kumunda, n'kuwapeza akupaka tsabola ndi girizi pazingwe zothamangitsira njovu. Anawayang'ana chala chachikulu. Inki ya povota inali bii pachikhadabo, ngati yake yomwe.

Anakhala pachitsa, n'kuwafunsa mofatsa ngati wofunsa za mvula.

"Bambo a Delia, munavotera ndani?"

A Benson anati voti ndi chinsinsi. Harriet anangodikira. Bambowo anapaka chingwe china, n'kupakanso chomwecho kachiwiri, kenako anakhala pansi. Anati atalowa m'kachipindako anadziyang'ana papepala, jekete ya mwini ili pamapewa, ndipo anakumbukira dzinja lija mtsinje unadzaza, iwo n'kuwoloka madzi a m'chifuwa atasenza mwana wawo Delia, thupi lili moto, kupita naye kuchipatala. Pofuna kuti pamtsinjepo pamangidwe mlatho, mayi Juliet akhala akupalasa njinga mpaka kuboma ku Mambwe zaka ziwiri, popanda wowatuma.

"Ine ngakhale chitseko cha ofesi sindichidziwa, mayi a Delia. Anzanga anandiimika chifukwa ndimalankhula bwino pamaliro. Dzanja linakana lokha, n'kukachonga pa mayi Juliet."

Kuulula anati ankaopa. Akanawayang'ana bwanji anthu amene anatha matayala a njinga powachitira kampeni?

Harriet anafuna kuwalalatira, koma chinatuluka ndi chiseko, misozi ili m'maso. Anawakwiyira, komanso sanawakondepo chonchi chikwatirane. Anawauza kuti chinsinsi n'chawo inde, koma manyazi wasenza ndi iye masiku atatu, ndipo khosi lamupweteka. Iye sakanena kwa munthu. Akanene okha, kumene kunayambira miseche, apo ayi ankhoswewo abwere, iye akayankha zimene akudziwa.

Dzuwa litapendeka, a Benson anatsata mkazi wawo kumjigo, manja akununkha tsabola. Amayi analeka kupopa, pakuti mwamuna wopanda ndowa pamjigo ndi nkhani kale. Munthu wolankhula bwino pamaliro uja anachita chibwibwi ngati mwana wa sukulu, koma ananena zonse, mpaka za jekete.

A Alice anagwira pakamwa. Anamuyang'ana mlongo wawoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ine ndinapsa ndi dzuwa pamzere kutsidya kuja kuyambira sikisi mpaka teni, kuvotera munthu woti iye mwini sadzifuna?"

Amayi anafa nacho chiseko, ena mpaka kukhala pansi. A Alice sanaseke. Anachotsa ndowa yawo pampopi, n'kuikapo ya Harriet, ndipo anapopa okha mpaka inasefukira. Anaigwira mbali imodzi kuti amusenze, maso ali pansi.

"Mwaswera bwanji, mlamu?"