Mkangano wa pa Msewu wa ku Haifa

Abu Firas anatuluka pachipata cha asilikali dzuwa litakwera kale, atataya maola awiri pamzere. Dzina lake lobadwa nalo linali Jawdat, koma kwawo, kufupi ndi Jenin, aliyense ankamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba. Pambuyo pake pankabwera Rawan, mwana wake wamkazi, atanyamula mapepala a kuchipatala ndi ziphaso zawo ziwiri.

Galimoto ya Ofra inali pomwe imaima Lachiwiri lililonse, pansi pa bulugamu. Mayiyu anali Mwisiraeli wa zaka makumi asanu ndi awiri, nesi wopuma ntchito. Kwa miyezi isanu tsopano ankadzipereka kutenga Abu Firas pachipatapo kupita naye ku Haifa kukalandira mankhwala a khansa a m'diripi. Ankalankhulana m'Chihebri, chimene bamboyu anachitola pa zaka makumi awiri zomanga nyumba za eni ku Netanya.

"Lero akusungani bwanji? Ndamaliza nyuzipepala yonse, mpaka ndi zamaliro zomwe," anatero Ofra.

"Kamtsikana ka pawindo kamafuna kutsimikiza ngati ndikudwaladi. Ndati tandigwira kumutuku, ukapeza tsitsi undibweze."

Ofra anaseka n'kuliza galimoto. Asanapite patali, wailesi inalengeza kuti nthumwi za Aisiraeli ndi za anthu a kwawo kwa Abu Firas zikumana ku Ulaya sabata yamawa, koyamba patapita zaka zambiri. Ofra anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Mwamva, Abu Firas? Akumana!"

"Akumana, adye nsomba, ajambulitse, aliyense abwerere kwawo. Ine ndidzakhala pamzere womwe uja."

"Inu mumayamba kunyoza musanamve n'komwe. Chovuta n'chiyani? Mayiko awiri, malire akale aja, apa mwatipatsa, apo takupatsani, Yerusalemu tigawane. Mapu ake ngakhale mwana wa sukulu akhoza kujambula."

"Mwanayo abwere akwere padenga langa. Kum'mawa kuli nyumba za anthu anu za madenga ofiira, zomangidwa pamalo athu. Kumadzulo kuli khoma. Paphiri la kumwera anthu anu anaikapo makontena atatu okhalamo chaka chatha, lero sawerengeka. Dziko lathulo mulijambula pati? Pabedi panga?"

"Nyumba zimenezo si zanga! Ine ndakhala ndikuima pamphambano ndi chikwangwani chozitsutsa Lachisanu lililonse, zaka makumi atatu. Andilavulira, andithira khofi."

"Ndiye nyumbazo zinachoka?"

Amene anafunsa anali Rawan, kumpando wakumbuyo. Nthawi zambiri ankangokhala chete m'galimotomo, ndipo bambo ake ankadziwa chifukwa: kunena kuti zikomo Lachiwiri lililonse kunkamulemera.

"Ine ndinabadwa chaka chija atsogoleri athu ndi anu anagwirana chanza pa TV, mayi Ofra," anapitiriza. "Amayi amati ababa anagulira maswiti ana a msewu wonse. Lero ndadutsa zaka makumi atatu, nyanja ndimaionera pawindo la chipatala."

"Nanenso ndinavina tsiku limenelo, mwana wanga. Patangopita zaka zochepa ndinali m'chipinda cha ngozi, akutibweretsera anthu a m'basi yophulitsidwa. Mmodzi anali mwana wa mnzanga wa khomo loyandikana, ndinamuzindikira ndi nsapato. Ndiye musamalankhule ngati mantha athu ndi opeka. Mng'ono wanga anasiya kundiyankhula chifukwa cha maulendo anowa. Akuti ndimanyamula anthu amene anasangalala anthu athu ataphedwa mu Okutobala muja."

"Nanga ana a ku Gaza munawazindikira ndi chiyani?"

"Rawan, basi," anatero Abu Firas m'Chiarabu.

"Ayi, ababa, mundisiye. Tizingomwetulira chifukwa galimoto ndi yawo?"

"Ndati basi."

Msewu unayamba kukwera m'mapiri a mitengo ya paini. Abu Firas ankamva kuwawa kumsana, ndipo chinamukwiyitsa n'chakuti onse awiri ankanena zoona. Ofra anazimitsa wailesi, kenaka, pofuna kuziziritsa nkhani, analoza kuphiri la kumanja.

"Taonani kukongola uko. Ndimabwera pamenepo ndi adzukulu anga kudzawotcha nyama. Pali kasupe wabwino kwambiri."

"Kuseri kwa mkuyu waukulu," anatero Abu Firas. "Pali masitepe asanu ndi awiri otsikira."

"Kani munafikako?"

"Ayi. Bambo anga anabadwira pamenepo. Anachoka pothawa nkhondo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, atabereka mlongo wawo kumsana. Miyala imene mumakhalirayo inali nyumba."

Sanafune kuzinena. Zinangotuluka. Ofra anachotsa phazi pamoto mpaka lole imene inali kumbuyo inawaimbira hutala.

"Miyezi isanu tikudutsa pano, inu osanena?"

"Mukanati chiyani?"

Ofra anayendetsa mpaka phirilo linatsala kumbuyo, ndipo pamene anadzalankhula mawu ake anali otsika.

"Ndiye mukufuna kubwererapo?"

"Ndikati inde, munena kuti ndikufuna kukutayani m'nyanja. Ndikati ayi, bambo anga ndikawauza chiyani kumanda? Funso limenelo ndi lomwe akalilumphe ku Ulayako. Akambirana za misewu ndi mapaipi a madzi."

"Anthu mamiliyoni sangabwerere, Abu Firas. Zikatero ife tatha. Mayi anga anatsika padoko la Haifa ali okhaokha, abale awo onse ataphedwa ku Poland. Tipita kuti?"

"Sindinati mupite."

"Nanga mwati chiyani?"

Abu Firas anaweramitsa mutu. Zaka zonsezi ankakangana ndi anzake m'nyumba ya khofi ngati munthu wodziwa yankho. Lero mayi wa tsitsi la imvi wamufunsa mwachindunji, iye n'kungoyang'ana manja ake.

"Pobwerera ndikhoza kuima," anatero Ofra. "Mphindi khumi zokha. Mutsike, muone."

"Chiphaso chikuti kuchipatala basi," anayankha Rawan. "Apolisi akatipeza pamenepo atilanda, mankhwala a ababa athere pomwepo."

"Ndani angaone?"

"Inu mukagona kwanu, mayi Ofra. Ife ndi amene tingaone."

Anafika mochedwa ndi theka la ola, koma nesi wa m'chipindamo, Maisa wa ku Nazareti, anali atasungira Abu Firas mpando. Anamubaya pamkono n'kupachika botolo. Rawan anatsika kukatenga mankhwala ena, Ofra anapita kukafuna tiyi. Pampando woyandikana panali Tzion, Myuda wogulitsa masamba pamsika, amene ankalandira diripi tsiku lomwelo sabata iliyonse. Awiriwa ankadziwana mokwanira kufunsana za nseru ndi za kuchepa kwa magazi, osapitirira pamenepo.

Chakumasana TV ya pakhoma inasiya zamalonda n'kuonetsa mtolankhani ataima kutsogolo kwa hotela. Msonkhano uja unali utaimitsidwa. Mbali ziwirizi zinalephera kugwirizana nkhani yoti ayambire, ndipo iliyonse inkaloza inzake.

"Ndinanena ine!" anatero Tzion, akukonza kachipewa kake. "Ndi anthu amenewa sizingatheke." Kenaka anacheuka. "Sindikunena inu, Abu Firas."

"Musavutike. Nanenso ndanena zomwezo m'mawa uno, koma ndimanena inuyo."

Tzion anaseka mpaka kutsokomola. Abu Firas anasekako pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anazindikira kuti chimvereni wailesi ija, pamene pakamwa pankanyoza, mumtima ankawerengera mwakachetechete: akakumana sabata yamawa, akagwirizana pofika chaka chamawa, mwina iye adzakhala alipobe. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodwala chonchi, n'kupusitsidwanso ngati kale! Anadzipsera mtima kuposa mmene anawapsera mtima anthu a m'hotelamo.

Ofra analowa ndi makapu awiri a tiyi. Nkhaniyo anali ataionera m'khonde, ndipo maso ake anali ofiira.

"Mwawina, Abu Firas," anatero.

"Ndawina chiyani?" Mawu ake anakwera mpaka odwala onse anacheuka. "Tandiuzani, ndawina chiyani? Mukuganiza kuti ndimafuna kukhoza? Ndimafuna mudzandiseke inuyo, mudzati nkhalamba iyi inalakwa!"

Ofra anangoima ndi makapu aja, tiyi akumutayikira pazala. Tzion anayang'ana kudenga.

Maisa anabwera mofulumira, anagwira mkono wa Abu Firas n'kuyang'ana singano.

"Amalume, mukagwedezanso mkonowu ndikubayani kachiwiri, ndipo misempha yanu mukuidziwa. Kwatsala maola awiri. Wofuna zandale atuluke panja, muno tili ndi ntchito."

"Zimitsani chinthucho," anapempha Abu Firas.

Maisa anafunafuna rimoti pamatebulo onse osaipeza, ndipo TV inali pamwamba poti sakanafikira. Mtolankhani uja anapitiriza kufotokoza amene anayamba kukana. Ofra anaika kapu imodzi pambali pa Abu Firas, nakhala pansi. Bamboyo anatembenukira kukhoma n'kutseka maso, mankhwala akudontha pang'onopang'ono.