Makapisozi Atakana Kugwira Ntchito

Linali tsiku lachitatu apongozi ake akumwa makapisozi, koma thupi linali likutenthabe. Nasingano, telala wosokera pakhonde la nyumba yake, amene dzinali anachita kupatsidwa ndi makasitomala, ankangoti kusoka pang'ono, kulowa m'nyumba kukawaona.

Apongoziwo anali mayi wolimba, wosakonda kudandaula. Poyamba ankangoti akumva kuwotcha potaya madzi. Kenako anayamba kumva msana ndi kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. M'mawa wa tsikulo anamuyang'ana Nasingano nthawi yaitali, n'kumuitana dzina la malemu achemwali awo.

Amuna a Nasingano, omwe anali makanika, anali atavala kale ovolosi.

"Bambo, amayi tipite nawo kuchipatala," anatero Nasingano.

"Mankhwala amafuna kudekha, mayi. Si omwewa anawachiza chaka chatha? Otsala aja atatha ndinakagula ena ofanana ndendende."

"Chaka chatha sanandiiwale kuti ndine ndani."

Bamboyo anasuzumira kuchipinda, anaona mmene mayi ake ankapumira, ndipo anavula ovolosi.

Kuchipatala adokotala anawayeza, kenako anafunsa ngati amwako mankhwala alionse. Makanika uja anayang'ana pansi. Nasingano anatulutsa kapaketi m'chikwama n'kukaika patebulo.

"Mwachita bwino kubwera nako," anatero adokotala mosakalipa. "Matendawa anayambira m'chikhodzodzo, ndipo zikuoneka kuti afika ku impso. Titenga mkodzo ndi magazi tisanawapatse chilichonse. Zotsatira zidzatuluka pakapita masiku awiri kapena atatu, koma amayiwa sangadikire mpaka pamenepo."

Anatembenukira kukhoma kumene anamata tchati cha mizere ndi manambala. Anayendetsa chala pamzere umodzi, n'kulemba. Pasanathe ola, apongozi anali atagonekedwa m'wodi, mankhwala akulowa kudzera m'diripi.

Atatuluka panja, bamboyo anayamba kung'ung'udza.

"Ine galimoto sindiimasula ndisanadziwe chavuta. Iwowa zotsatira kulibe, koma mankhwala apereka kale. Si kulota kumeneku? Bwanji tiziwapatsakonso makapisozi athu aja mwakachetechete?"

Nasingano anakana, koma mumtima nayenso anali ndi funso lomwelo. Tsiku lonse ankayang'ana madontho a diripi, osadziwa ngati akugwira ntchito kapena ayi.

Mawa lake masana, akuchokera kotsuka makapu, anakumana ndi mayi wina wogwira ntchito ku labu, kumene amayeza magazi ndi mkodzo. Anali kasitomala wake, ndipo gawuni yoyera imene anavala anaipinda ndi Nasingano yemwe.

"Kodi atelala, mwabwera ndi tepi kudzatiyeza konkuno?" anaseka mayiyo.

Nasingano anafotokoza za apongozi ake, n'kufunsa funso lija monga mmene linalili, poti safunsa anadya phula.

"Kaitaneni bambowo, ndikuonetseni limodzi."

Mu labu munali moletsedwa kulowa, choncho anawaimika pawindo. Mayiyo anavala magolovesi n'kunyamula kambale kozungulira kotseka bwino. M'kati munali ngati mwachita nkhungu yotuwa, ndipo pamwamba pake panali timapepala toyera tating'ono ngati mabatani.

"Zotuwazi ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya. Tachokera mumkodzo wa wodwala wina, ndipo tatimeretsa muno. Kapepala kalikonse kali ndi mankhwala akeake. Mukuona apa, pozungulira kapepala aka payera? Mankhwala amenewa apha tizilomboto. Nanga apa?"

"Apo tafika mpaka pakapepala penipeni," anayankha makanika uja, mphuno ili pafupi ndi galasi.

"Ndiye kuti amenewo sitikuwamva. Olo munthu atamwa botolo lonse, palibe chingachitike."

"Koma kambale ka amayi sikanapse," anatero bamboyo. "Nanga adokotala anadziwa bwanji?"

"Timbale totere timapanga tambirimbiri chaka chonse, ndipo zotsatira za kalikonse timazisunga. Chaka chikatha timaziphatikiza, n'kuona kuti pa matenda akutiakuti, tizilombo ta odwala athu kuno timafa ndi mankhwala ati, ndipo timakana ati. Ndi zimene zili pa tchati chija. Makapisozi munagulawo kale ankathandiza. Koma pa tchati chathu cha chaka chino, mwa odwala khumi a vuto la mkodzo, asanu ndi awiri tizilombo tawo sitikuwamvanso."

"Tasintha bwanji?" anafunsa Nasingano.

"Timazolowera. Anthu akamamwa mankhwalawa mwachisawawa, kapena kusiyira panjira, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. N'chifukwa chake tchati timachikonzanso chaka ndi chaka. Ndipo cha chipatala chino si cha chipatala china, poti tizilombo ta kuno ndi ta kwina timasiyana makhalidwe."

Nasingano anamwetulira.

"Ndamva tsopano. Kholo likabwera kudzasoketsa yunifolomu mwana lamusiya kunyumba, ine sindilota. Ndasokera ana ambiri a msinkhu umenewo, ndiye ndimadziwa podula. Mwana akabwera ndimamuyesa, n'kukonza pofunika kukonza."

"Basitu. Tchati ndi poyambira. Zotsatira za amayi zikatuluka, ndiye kuti mwana wabwera."

Makanika uja anakanda m'mutu. "Ine ndimayesa chija ndi kalendala," anatero, ndipo onse anaseka.

Tsiku lachitatu chigonekedwere apongozi, adokotala anafika m'wodi ndi pepala la ku labu. Apongozi anali atakhala tsonga pabedi, thupi litazizira, akufunsa ngati wina akuthirira maluwa awo kunyumba.

"Zatuluka," anatero adokotala. "Tizilombo ta amayi sitimva makapisozi aja ngakhale pang'ono. Mankhwala tinayamba nawowa akupha tizilomboti bwino. Zikanasonyeza zina, tikanasintha lero lomwe. Labu yapezanso mapiritsi amene akugwira ntchito pa tizilombo tomweti, choncho diripi tichotsa. Akapitiriza chonchi, mawa mupita nawo kunyumba."

"Akayamba kupeza bwino tisiye?" anafunsa bamboyo.

"Ayi. Amwe masiku onse amene ndalemba, pa nthawi yake. Mukaona chachilendo, bwererani kuno."

Apongozi anayang'ana mwana wawo. "Wamva, iwe? Udokotala wako uzikachitira magalimoto."

Bamboyo anaseka mwamanyazi. Popita kukatenga mapiritsi, anapereka makapisozi otsala aja kwa wopereka mankhwala kuti akawataye moyenera.

Kunyumba Nasingano ndiye anali woyang'anira. Ankalemba chizindikiro ndi choko pachitseko nthawi iliyonse apongozi akamwa, mpaka piritsi lomaliza. Patatha milungu iwiri, mayiwo anali akuyendayenda pabwalo, kukalipira nkhuku za eni.

Tsiku lina mayi woyandikana nawo nyumba anabwera pakhonde n'kunong'ona kuti nayenso akumva kuwotcha potaya madzi.

"Anzanga, mapiritsi anachiza agogo aja sanatsaleko awiri?"

"Sanatsale, ndipo akanatsala sindikanakupatsani," anayankha Nasingano mofatsa. "Amene anathandiza apongozi anga mwina inu sangakuthandizeni. Ife tinatsala pang'ono kutaya agogowo chifukwa chodalira mankhwala a chaka chatha. Kuchipatala amadziwa mankhwala amene akugwira ntchito pa tizilombo ta kuno panopa, ndipo akakuyezani amatsimikiza."

"Koma mzere wake uja."

"Mzere umatha. Katengeni buku lanu la kuchipatala, ndikuperekezani."

Mayiyo anapita, anayezedwa, analandira mankhwala oyenera, ndipo anachira osagonekedwa n'komwe.

Phunziro lake ndi ili: mankhwala opha mabakiteriya si ogula mongoganizira, si osungira mawa, ndiponso si ogawana. Tizilombo timasintha. Pitani kuchipatala msanga, nenani zoona za mankhwala amene mwamwa kale, lolani kuti akuyezeni, ndipo imwani amene mwapatsidwa monga mmene adokotala anenera. Mukatero mwadziteteza nokha, mwatetezanso mankhwalawo kuti adzathandize ena.