Mzere Wokhota wa Augustino

Augustino anafika ku Chiromo kuchokera kudziko la Apwitikizi chaka chimene njanji inkamangidwa. Anabwera ndi mkazi wake Justina, mwana wamkazi kumbuyo, ndi khasu limodzi. Anzake amene anawoloka nawo mtsinje wa Ruo analowa ntchito yosenza mabelo a thonje padooko. Iye anapeza malo panyumba ya mzungu wa kampani ina ya sitima zapamadzi, pakuti kwawo anakhalapo zaka zitatu akusamalira maluwa a ansembe.

Nyumbayo inali pakamtunda koyang'ana pamene Ruo amathira mu Shire. Kutsogolo kwake kunali bwalo la kapinga, ndipo m'mbali mwa njira yochokera kuchipata munali mabedi anayi a maluwa. Kuthirira ndi kutchetcha aliyense akanatha. Chimene Augustino ankadziwika nacho chinali mphepete mwa mabediwo, pamene kapinga amathera ndipo dothi la maluwa limayambira.

Kapinga wa kuchigwa samva malire. Ukangomusiya masiku khumi, watambasula kale timiyendo take n'kuzika mizu pakati pa maluwa. Choncho Augustino anapita ndi khasu lake kwa wosula, amene analiwongola kuti liloze pansi ngati fosholo, nalinola, napinda pang'ono kumutu kwake kuti phazi lizipondapo osachekeka. Ndi chitsulo chimenechi ankadula kapinga molunjika pansi, n'kufukula chigulumwa, n'kusiya kangalande kakuya zala zitatu. Dothi ankalikankhira kumaluwa kuti likwere pang'ono. Akatero ankagwada ndi lumo lalikulu lometera nkhosa, n'kumeta udzu wolendewera m'kangalandemo. Alendo otsika sitima ankaima panjirapo n'kumaloza, ena mpaka kuwerama kukhudza.

Chingwe sankachifuna n'komwe.

"Chingwe n'cha omanga nyumba," ankatero akafunsidwa. "Ine changa chili m'masomu."

Zinapita zaka khumi ndi zisanu. Azungu a panyumbapo anasinthana katatu, iye ali pomwepo. Mwana uja, Emelia, anakula nakwatiwa ku Mlolo ndi mwana wa Geresomo, msodzi wina wa kumeneko. Geresomoyo ankabwera ndi nsomba kukhitchini kwa azungu Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo sankabwerera asanacheze ndi sewere wake Augustino. Anali munthu wosabisa mawu.

Lachisanu lina m'mawa, dzuwa la mwezi wa Okutobala litayamba kale kuluma, Geresomo anatula dengu la mphende pachipata, naima nthawi akuyang'ana bedi la kudzanja lamanja.

"Asewere, mzere uwu mwadula ndinu?"

"Nanga pano pali wina wogwira chitsulochi?" anayankha Augustino.

"Ndiye kuti mumatsatira nkhono. Taonani wakhotera apa, wabwerera apo."

"Inu mwazolowera kuyang'ana madzi, chilichonse chimakugwederani."

Geresomo anaseka, nanyamula dengu lake kupita kukhitchini. Augustino anakaima kumapeto kwa bedi, natsinzina diso limodzi monga ankachitira nthawi zonse. Pafupi ndi mapazi ake mzere unkaoneka. Chapatsogolo, zobiriwira za kapinga ndi zakuda za dothi zinkasakanikirana ngati pali utsi. Utsi umenewu anali atauona kwa miyezi, koma ankati ndi wa kutentha tchire.

Masana Justina anabwera ndi chakudya. Anakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa khitchini, ndipo Augustino anadya pang'ono n'kusamba m'manja.

"Amake Emelia, tapitani mukaone bedi la kumanja lija, mudzandiuze zoona."

"Ndaliona kale polowa," anatero Justina mofatsa. "Lakhota, bambo a Emelia. Ndi la kumanzere lomwe."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimadikira kuti mufunse nokha. Kuyambira nthawi yokolola mapira, mukamatenga chikho dzanja limayamba lagwira pambali. M'diso lamanzeremo mwayamba kuyera. Ndi ng'ala imeneyo."

Augustino anaganiza za amuna amene anawaona atakhala pakhonde la sitolo, opanda ntchito, akudikira wowatsogolera kunyumba. Kwa masiku atatu chitsulo chake sanachikhudze. Ankangothirira ndi kusesa masamba, ndipo kapinga anayamba kusuzumira m'ngalande.

Lachiwiri Geresomo anabwera ndi nsomba, komanso ndi mkukulu wa chingwe cha bwazi, chimene asodzi amamangira m'mphepete mwa ukonde. Anauponya pamapazi a Augustino.

"Amake Emelia andiuza. Tengani icho."

"Asewere, ine ndinanyoza chingwe pamaso pa anthu zaka zonsezi."

"Chingwe sichisunga chakukhosi," anatero Geresomo. "Mukuganiza kuti ine maso anga ndi a mnyamata? Ukonde ndimasoka ndikuyang'ana kumbali. Zala zimadziwa pamene pang'ambika. Inu zaka khumi ndi zisanu mwaponda kapinga ameneyu, mapazi anuwo sanaphunzire kanthu?"

Anasema zikhomo ziwiri za mtengo wa tsanya, umene chiswe sichiulowa. Geresomo anakhoma chimodzi kumayambiriro kwa bedi, china kumapeto, nakoka chingwe mpaka chinalira atachikodola ndi chala. Augustino anaika chala chachikulu cha kuphazi pachingwepo, nayenda nacho pang'onopang'ono. Anamva pamene kapinga anadutsa chingwe, anamvanso pamene phazi linagwera m'dothi lofewa chifukwa anadula mopitirira. Anaima nagwedeza mutu.

"Ha! Ndiye ndinawonongadi."

"Pang'ono pokha," anatero Geresomo. "Nkhono inali yoledzera."

Nthawi imeneyi Augustino anaseka nawo.

Kudula motsatira chingwe chokha kunavuta, chifukwa chitsulo chikachikhudza, chingwecho chinkasuntha. Tsiku lachiwiri anachidula n'kuchidula, mpaka analumikiza ndi mfundo. Ndipamene anakumbukira thabwa lalitali la bokosi la katundu limene linkangokhala kuseri kwa nkhokwe. Analigoneka motsatira chingwe, naimapo ndi phazi limodzi kuti lisasunthe, n'kumatsetsereka chitsulo m'mbali mwake. Akamaliza utali wa thabwa, ankalikokera kutsogolo. Ntchito inkachedwa kusiyana ndi kale, koma mpeni wa chitsulo unkalowa mowongoka.

Pamene anadula mopitirira panafunika zigamba. Anakadula timagawo ta kapinga kuseri kwa khitchini, natiyala m'mipatamo, natiponda ndi chidendene, n'kumatithirira m'mawa ndi madzulo. Justina ankabwera msanga ndi chakudya kuti amuthandize kuloza ngodya za mabedi. Pangodya iliyonse anakhomapo chikhomo chachifupi chofanana ndi dothi, chosaoneka kwa wodutsa, koma choti phazi lichipeze. Atamaliza ngodya zonse khumi ndi zisanu ndi imodzi, Augustino sankafunanso womulozera.

Mkazi wa mzungu wa nthawiyo, Dona Molly, anamupeza m'mawa wina atagwada, dzanja lamanzere likupapasa udzu, lamanja likumeta. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma chinkamveka.

"Augustino, chingwe? Iwe anati chingwe ayi."

Augustino anaimirira navula chipewa. Anali ataganiza zonama, koma anaona kuti bodza silingakhalitse panyumba yomweyo.

"Maso atha mphamvu, Dona. Ndikuona ngati m'nkhungu."

Dona anayang'ana mzere wa bedi kuchokera kumapazi ake mpaka kuchipata. Zigamba zinali zitagwira, ndipo mphepete inali yowongoka ngati njanji.

"Maluwa iwe ona?"

"Ofiira ndi achikasu ndimawaona. Oyera amandisowa."

"Basi. Chaka mawa bzala ofiira ambiri," anatero, nabwerera kukhonde kumene tiyi wake ankazizira.

Nkhani inathera pomwepo. Bwana atamva anangoti iye alibe nazo kanthu malinga ngati alendo akupeza bwalo lili bwino.

Mvula itayandikira, Dona anafuna bedi lozungulira pakati pa bwalo. Augustino anali asanapangepo lotero. Anakhoma chikhomo pakati, namangirira chingwe momasuka kuti chizizungulira, kunsonga kwake namanga kamtengo kosongola. Justina anakhala pansi atagwira chikhomo kuti chisapendeke, iye nayenda chowerama akulemba padothi mpaka mzere unakumana ndi pamene unayambira. Mkaziyo anatsatira pambuyo akuwaza phulusa mumzeremo, pakuti zoyera pa zobiriwira Augustino ankaziona akawerama. Thabwa silikanathandiza pokhota, choncho anadula pang'onopang'ono, kachigawo kochepera chikhatho nthawi imodzi, tsiku lathunthu. Wophika ndi wochapa zovala anatuluka kudzaonerera. Pomaliza Justina anazungulira bedilo kawiri, manja kumbuyo.

"Lili ngati lichero," anatero. "Palibe pothyoka."

"Mukunena zoona, kapena mukundimvera chisoni?"

"Ine ndinayamba ndakumverani chisoni liti?"

Augustino anagwira ntchito panyumbapo mvula zina zinayi. Diso lamanzere linazimiratu, lamanja linkaonabe pafupi. Atatopa anapempha yekha kuti apume, ndipo iye ndi Justina anasamukira ku Mlolo kwa Emelia, kumene anawapatsa dimba m'mphepete mwa dambo. Munthu amene analowa m'malo mwake anali bambo wa ku Chapananga wozolowera ng'ombe osati maluwa. Augustino anakhala naye mwezi wathunthu asanachoke, akumugwira dzanja pomuonetsa kuya kwa ngalande, ndipo ankamukalipira ndithu akapendeketsa chitsulo.

Ku Mlolo anabzala mbatata, maungu ndi fodya pang'ono. M'mawa ankapita kudimba atagwira phewa la Justina, akukangana za mbewu yoti abzale madzi akaphwa. Justina ankafuna nyemba, iye ankafuna chimanga chamwamsanga. Chaka choyamba anabzala nyemba, ndipo zinabereka mpaka anagawirako anansi.