Lamulo Siliwoloka Mtsinje

Noelene anali atapanira foni paphewa, manja ali m'madzi otsukira mbale, pomwe mayi wa ku ofesi ya zamaphunziro anabwerezanso mawu omwe aja.

"Chilolezo chanu chophunzitsira mwana pakhomo n'cha m'chigawo cha Victoria, mayi. Panopa mukukhala m'chigawo china, cha New South Wales."

"Tangowoloka mlatho wa pamtsinjepa basi. Nyumba yathu yakale ndikuiona pawindo pompano."

"Ndamva, koma kuno tili ndi lamulo lathu. Pemphani chilolezo china. Yankho limatha kutenga miyezi itatu, ndipo podikirapo mwana azipita kusukulu. Ayambe Lolemba."

Noelene anathokoza ngati wapatsidwa kanthu. Sanakwiye n'komwe. Mkwiyo unamuthera mwezi wathawo, mwininyumba atagulitsa nyumba, iye ndi mwana wake Imogen n'kudzapanikizana kwa mchimwene wake Warrick. Mumtima munangoti zii.

Imogen anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anali atatha zaka ziwiri osaponda pasukulu. Anzake ankamuseka chibwibwi mpaka analekeratu kuyankhula, ngakhale kwa mayi ake. Mawu anachita kubwerera amodziamodzi, patebulo la kukhitchini.

Warrick analowa kuchokera kumunda wa malalanje, nsapato zili matope okhaokha.

"Nkhope imeneyo bwanji, ngati wameza ndimu?"

Noelene anamufotokozera.

"Ndiye azipita, nanga n'kutani? Ife ankatikuntha tsiku ndi tsiku kusukulu, tinafa? Taona lero, ndine bwanamkubwa wa malalanje."

"Mpaka lero mumawerenga ndi chala, achimwene."

"Iwe, miyezi itatu si zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Imogen anali pakhomo la kuchipinda, buku lili m'manja. Anali atamva zonse. Anatsegula pakamwa, koma liwu linakanirira. Anatseka pakamwapo n'kubwerera m'chipinda.

Noelene anapukuta manja, maganizo ali pa kanyumba kokoka ndi galimoto ka mchimwene wakeyo.

"Kalavani yanu ili kuseri ija, matayala ali bwino?"

"Chiphakasa chimenecho? Chimadontha. Muno ndi mu Julaye, mukauma ndi chisanu."

"Mukatitule kutsidya, pamalo a makalavani paja. Pamenepo ndi ku Victoria, chilolezo changa chimagwira ntchito."

"Wasiya nyumba yofunda chifukwa cha pepala? Walira mvula walira matope, mlongo wanga."

"Ndamva."

Loweruka Warrick anaikoka kalavaniyo, akung'ung'udza njira yonse. Ulendo wake unali wa mphindi zinayi. Anawasiyira mabulangete awiri ndi thumba la malalanje, n'kuchoka osayang'ana kumbuyo.

Lolemba m'mawa mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Imogen anakhala pakatebulo atavala majuzi awiri. Phunziro la tsikulo linali kalembedwe ka kalata. Anayang'ana pamwamba pa tsamba nthawi yaitali.

"A-amayi," anatero, "keyala yathu ndi-ndilembe chiyani?"

Noelene anamva mawuwo onse, limodzilimodzi. Anadikira kuti asangalale, koma ankangomva kuzizira kwa zala zake.

"Lemba tsiku lokha, mwanangu."