Maloko a Akalipentala

Mwana wamkulu anakhuthula bokosi la zipangizo pakhonde, maloko n'kumwazika mpaka pamapazi a mayi ake. Maliro a bambo ake, Akalipentala, anali atangotha kumene. Iye ndi mkazi wake anatsalira kuti agulitse zipangizozo, kenako atenge mayiwo azikakhala nawo.

"Amayi, kodi bambo ankagulitsanso maloko?"

"Usawaponde. Lililonse lili ndi mwini wake."

Kale bungwe lina loteteza okalamba linkawalipira Akalipentala kuti azikonza zitseko m'nyumba za nkhalamba. Thandizo litauma, bungwe linatseka ofesi, koma iwo sanasiye kuyenda. Ankadziwa kuti ukalamba suopsa ndi matenda okha. Ana ako omwe amatha kukutsekera kunja n'kupita kuntchito, iwe m'katimo ludzu likukupha, moto utabuka ulibe kothawira. Akapeza khomo lotere sankakangana ndi munthu. Ankangogogoda thabwa n'kunena kuti, "Ichi chalowa chiswe, ndikukonzereni ulere." Pochoka, loko ali m'thumba, chitseko chili ndi mpiringidzo wotsekera m'kati.

Mayiwo anafotokoza zonsezi maso ali pamalokowo.

Mpongozi, yemwe ankalongedza mbale m'nyumba, anatulukira nkhani itatha. "Amayi, musade nkhawa. Kwathu chipinda chilipo chabwino. Tikamapita kuntchito tizikutsekerani bwinobwino, akuba achuluka."

"Kutseka kwake mbali iti, mwanawe?"

"Kunja, nanga si inu mumaiwalaiwala?"

"Ndimaiwala komwe ndaika singano. Khomo sindinaliiwalepo. Mbalame ya m'khola imadya bwino, koma kaifunseni."

Mpongozi anaseka pang'ono, n'kuona kuti akuseka yekha. Mwamuna wake ankatola maloko limodzilimodzi. Pansi pa bokosi anapeza patatsalira kanthu kokulungidwa m'nsanza. Atamasula anaona mpiringidzo watsopano, wopaka mafuta, misomali yake yomangidwa ndi ulusi.

"Uwu sanafike nawo kwa mwini wake," anatero.

"Mwini wake ndine. Bambo ako anati, 'Ndikadzatsogola, ana adzakutenga. Ndi ana abwino, koma ndi otanganidwa.'"

Mwanayo anauyesa mpiringidzowo ndi chala. Unayenda mofewa, woti ngakhale dzanja lonjenjemera likhoza kuutsegula. Anaukulunganso, n'kuulowetsa m'thumba la malaya. Kenako pa mulu wa zogulitsa anachotsapo hamala ya bambo ake, n'kuiika pamwamba pa katundu wa mayi ake.